Kansomba pa Chitseko

Namwino wina ankayeza windo la kuchipinda ndi zikhatho, kuganizira za makatani, pamene a Makiyi anatuluka panja kukayankha foni. Anthu ankawatchula choncho chifukwa cha mulu wa makiyi a nyumba zogulitsa umene unkalira m'chiuno mwawo. Anamusiya yekha m'nyumba yopanda kanthu, momwe ngakhale kutsokomola kunkamveka kawiri.

Nyumbayo anaikonda mopanda manyazi. Inali ndi kachipinda koyang'ana kotulukira dzuwa, koyenera mwana wake wamkazi, amene anakulira kuseri kwa katani m'chipinda cha lendi. Mwini chipinda cha lendicho anali atanena kale kuti mwezi ukatha achoke. Madzi anali atafika m'khosi.

Koma banki sinkamukonda. Inamubweza mobwerezabwereza ndi mawu aulemu koma olasa: dzina lanu lili ndi banga, mayi. Bangalo linali ngongole ya makina opalira matabwa imene mwamuna wake, kalipentala, anatengera pa dzina la mkazi wake, poti wamalipiro a pamwezi anali iye. Bizinesi itagwa, mwamunayo anagulitsa makinawo n'kupita kutali kukasaka ntchito. Kenako kunamveka kuti basi imene anakwera yapsa pamsewu, ndipo mlamu wake anabwera ndi bokosi lokhomedwa kale misomali.

"Musatsegule, alamu," anatero. "Muziwakumbukira mmene analili."

Mwamuna anakwiriridwa, ngongole inakana kulowa nawo m'manda. Namwinoyo anaibweza yekha, mopereweza ndiponso mochedwa, ndipo banki imakumbukira kuchedwa, misozi ayi. Tsopano anali atayesanso komaliza, ndipo yankho linkayembekezeka tsiku lomwelo.

Anakankha chitseko cha kukhitchini, chinakhula pansi n'kulira. Anamwetulira osafuna. Malemu akanakhalapo bwenzi atagwada kale. Munthu uja sankapirira chitseko chokhula, ngakhale cha eni ake. Kuchipatala, kwa apongozi, kulikonse, ankasolola pensulo kukhutu n'kujambula kansomba m'mphepete mwa chitseko, mutu wake utaloza pofunika kupala. Mchira wa kansombako unkapindika nthawi zonse, chifukwa chala chachikulu cha dzanja lamanja chinapita ndi sowo, ndipo pensulo ankaipanira pakati pa zala zotsalazo. Mkazi wake ankachita naye manyazi, iye n'kumangoseka.

Anaweramira pansi kuti aone pokhulapo. Kansomba kanali pomwepo.

Anakakhudza ndi chala, chala chinada. Mzere wa pensulowo unali watsopano, fumbi linali lisanaterepo n'komwe. Mchira unali wopindikira kumanzere.

Anathamangira kubafa: kansomba. Kuchipinda chachikulu: kansomba. Pa chitseko cha kachipinda ka mwana panali kena, kojambulidwa mofatsa kuposa tonse.

Ankagwira ntchito pakati pa odwala ndi akufa, ndipo za mizimu ankaziseka. Koma kuyambira tsiku la maliro mwamunayo sanamusiye. Ankabwera kumaloto ataima pakhomo, osalankhula, nkhope itatembenukira kumbali. Nthawi ina anamuona pagalasi la basi yodutsa, mpaka anzake anamukhazika pansi n'kumupatsa madzi. Ankadzuka ndi mkwiyo, kumutukwana chamumtima chifukwa cha ngongole ija, kenako n'kudzida yekha. Wakufa umakangana naye bwanji?

Anakhala pansi pa simenti yozizira. Mantha aja anayamba kusungunuka, m'malo mwake munalowa chisoni chimene anachitsekera zaka zonsezi. Ndiye kuti munthuyu sanagone kumene analiko. Ankadziwa chimene anawasiyira. Anatsogola kudzaona nyumba ya mkazi wake ndi mwana wake, kuyesa zitseko monga mwa masiku onse, kuti adzalowe bwino.

"Bambo a mwana," ananong'ona, "ndaona. Ndakukhululukirani. Pitani mukapume, ife tilowa."

Kwa nthawi yoyamba chichokereni kumanda, mtima wake unakhala m'malo.

A Makiyi analowa mwakachetechete, makiyi atawafumbata kuti asalire. Anayang'ana denga, anayang'ana mawindo, kupewa maso ake.

"Pepani kwambiri, mayi. Abanki akananso. Akuti banga lija likadalipo. Ndipo musavutikenso, nyumbayi yapita. Panali wina amene ankaifunanso. Iye amuvomera."

Maso a namwinoyo anali pa chitseko, ndipo a Makiyi anawatsatira, n'kupukusa mutu.

"Taonani khalidwe lakelo! Makiyi sanalandire, wayamba kale kulemba m'zitseko. Anabweranso m'mawa uno ndi mkazi wake woyembekezera. Ndi kalipentala, dzina loyera mbee, alibe ngongole ndi munthu. Kungoti posaina amavutika, mayi. Chala chachikulu alibe."