Gulo ndi Khoma Lagalasi

Padangotero, ndipo muli nane. Mumzinda munamangidwa nyumba yosanja yopanda njerwa kunja. Khoma lake lonse linali galasi limodzi lalikulu, losalala, lopanda ndi mng'alu womwe.

Gulo, amene ankadzitama kuti makoma onse a m'tauni anawakwerapo, anakangana ndi Nalimata. Anapangana kuti woyamba kufika padenga ndiye mwini kadzuwa ka pamenepo ndi ngumbi zake zonse.

Nalimata anamata zala zake pagalasipo, uyo pang'onopang'ono. Gulo analumpha mwamatama, zikhadabo n'kusowa pogwira, pansi phi! Kachiwiri, phi!

Podzuka anaona gulo wamutu wobiriwira akumuyang'ana m'galasimo, osadziwa kuti ndi iye yemwe.

"Achimwene," anatero Gulo, "amisiri alilakwitsa khomali, si choncho?" Anagwedeza mutu. Winayo anagwedezanso.

"Waona, Nalimata? Tilipo awiri!"

"Mufunseni mnzanuyo ngati wadya," anayankha Nalimata ali padenga, ngumbi ili kukamwa.

Mpaka lero Gulo amangogwedeza mutu, kusaka womuvomereza, mimba ili pululu. Nthano yanga yathera pagalasi pomwepo.