Mphuno ya Mayi Dhool

Mayi Dhool anawamanga m'maso ndi mpango wakuda. Anzawo makumi awiri osankha lubani anasiya ntchito kuti aonerere. Mzungu wina wogula lubani anali atanena mosapsatira mawu kuti thumba lina la chaka chatha linali losakaniza ndi utomoni wachabechabe. Mayi Dhool, wosankha wamkulu, akalephera mayeso lero, iye akagula kwina, ndipo shedi ya Warsame mumzinda wa Bosaso muno itsekedwa.

"Azakhali, musandichititse manyazi," ananong'ona Warsame, thukuta lili kamukamu. "Ndamuuza kuti mphuno yanu imadziwa ngakhale phiri limene mtengo unamera."

"Pakamwa pakopo padzakupachika. Bweretsani kuno."

Mzungu anafuna kuwanunkhizitsa yekha zidutswa za lubani zili m'mbale. Mayi Dhool anakanitsitsa.

"Ndine khanda ine, loti andidyetse? Andipatse m'manja."

Chidutswa choyamba anachitembenuza, anachifumbata kanthawi, n'kuchipititsa kumphuno. "Wa kuphiri uyu, wabwino zedi." Chachiwiri anatinso n'chabwino, koma chagonera chaka. Mzungu anagwedeza mutu n'kulemba.

Chachitatu ndiye anakhala nacho. Kufumbata, kununkhiza, kufumbatanso. Amayi ena anayamba kupemphera chamumtima, pakuti aliyense anali ndi ana odya pa shedi yomweyi. Warsame, munthu wodzitama ngati ameneyo, kunena zoona anamvetsa chisoni.

Mayi Dhool anachiponya pansi. "Ichi akamatire nsapato."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Mzungu anayankhula akumwetulira, Warsame n'kumasulira.

"Akuti muli ndi flair. Kwawoko ndiye kuti luso lobadwa nalo. Akuti mawuwa Angerezi anabwereka kwa Afalansa, ndipo kale ankanena za galu wosaka amene amamva fungo nyama ili kutali."

"Ndiye wandiyesa galu? Mtenge akasaine pangano logula asanandiyamikire zina."

Awiriwo atalowa mu ofesi, amayi anayatsa makala pambaula n'kufukiza lubani pothokoza Mulungu. Mayi Dhool anamasula mpango uja n'kukhala pansi pafupi ndi mbaulayo. Posakhalitsa mnzawo wa kalekale, Mayi Ubah, anakuwa.

"Dhool, nsalu yako ikupsa! Fungo lonseli sukulimva?"

Anaizimitsa ndi tiyi. Mayi Dhool anasuzumira kukhomo la ofesi, kenako anamukokera mnzawoyo pafupi.

"Tsitsa mawu, iwe. Chidwalireni chikuku ndili ndi zaka zisanu, sindinamvepo fungo la chinthu chilichonse. Ntchito ili m'zalamu. Mphunoyi ndi yoonetsa alendo."