Dona Natércia Akufuna Kapitawo

Silvestro anali pamwamba pa chulu kuseri kwa nyumba, foni ili m'manja. Pamudzi pawo ku Domwe, intaneti imagwira bwino pamenepo basi. Kumunsi, kudimba, anthu ankakumba mbatatesi.

Iye za khasu ayi. Munthu womaliza sekondale yonse mpaka desima segunda, ankatero, sangamakande dothi pachikamwini. Koma apongozi ake aakazi, aNambewe, anali atatopa naye. Anatumiza mawu kudzera mwa mkazi wake Judite kuti apeze ntchito kapena agwire khasu, apo ayi aone msewu. Mawu ankadzera mwa Judite chifukwa mkamwini ndi apongozi sayang'anana, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mwambo umenewu Silvestro ankausunga ndi mtima wonse, poti ndi wokhawo umene sunkatulutsa thukuta.

Tsikulo mwayi unamugwera. Pa Fesibuku, pagulu la amalonda a ku Angónia, mayi wina dzina lake Dona Natércia Victorino ankafuna kapitawo woperekeza katundu ku Tete. Pachithunzi panali lole yodzaza matumba. Silvestro anakhuthula Chipwitikizi chake chonse cha kusukulu, ndipo yankho linabwera nthawi yomweyo.

Dona anafunsa ngati amaidziwa ntchito ya mbatatesi. Iye anayankha kuti dimba lonse la apongozi ake amaliyendetsa yekha, kuyambira kubzala mpaka kusoka matumba.

Dona anafunsanso: nanga akufuna kuchokako chifukwa chiyani? Apa ndiye mkulu uja anamasuka. Analemba kuti apongozi akewo ndi nkhalamba yaumbombo, yosadziwa ngakhale kuyatsa foni, yoti tsiku lomwe idzamwalire mudzi wonse udzapuma. Poopa kuti Dona angamuyese munthu womangika pakhomo, anawonjeza kuti akangolembedwa ntchito, mkazi amusiya konkuno. Ku Tete akazi ali mbwee.

"Ndamva," Dona analemba. "Khalani pomwe mulipo, ndikutumizirani munthu."

Ameneyo ndiye bwana, wotumiza galimoto kudzatenga wantchito! Silvestro anasangalala mpaka kuimba mluzu. Anapukuta nsapato ndi masamba, maso ali kumsewu wochokera ku Ulongwe. A kudimba aja anawamvera chisoni pang'ono.

Amene anatulukira ndi Judite, wapansi, maso ali psuu, atasenza thumba. Analiponya patsinde pa chulu. M'thumbamo munali malaya, jekete ndi satifiketi ya mwamuna wake.

"Amayi akuti mayeso mwalephera. Nyamukani kusanade."

"Amayi ati? Ine ndikuyankhula ndi Dona Natércia!"

Judite anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Nambewe ndi dzina la mfunda, bambo. Zaka zonsezi mwakhala mukudya pakhomo pawo, simunafunsepo dzina lawo la ubatizo?"