Felemu ya Bilimankhwe

Padangotero, Bilimankhwe ndi Nungu ankapalasa njinga za kabaza. Bilimankhwe ankapenta felemu ya njinga yake sabata iliyonse, koma ankaigoneka panja pamvula. Ya Nungu inali yakuda, yomusiyira malume ake, ndipo inkagona m'nyumba.

"Achimwene, chiphakasa chimenechi mudzataya liti?" ankaseka Bilimankhwe.

"Dzimbiri limadyera m'kati," ankayankha Nungu.

Tsiku lina Bilimankhwe anakweza apongozi ake, mayi Gologolo, opepuka ngati tsamba. Atafika pamtsetse, felemu inangoti thyo! Apongozi anagwera m'matope. Atadzuka anasuzumira m'chitsulocho, napeza dzimbiri lokhalokha.

"Akamwini, penti yokha ndiye munaisamala," anatero, nakwera njinga ya Nungu, amene ankabwera pambuyo pawo.

Mpaka lero Bilimankhwe amayenda wapansi, ndipo saponda nthambi asanaiyese.