Nsungwi ya Dolly

"Mupatse Hector nsungwiyo, Dolly," anatero Yosiya, maso ali kumadzi.

Atatuwo anali pakati pa mtsinje wa Mukuvisi utasefukira, atakwera pamatabwa omangirira pamigolo. Pamlatho panali asilikali a boma la Smith, ndipo ankafuna Yosiya. Amene anaipeza migoloyo ndi Dolly, mnzake wa Yosiya kuyambira ubwana ku Highfield, ndipo ndiye ankapalasa chinyamukireni.

"Kutsogoloku kuli miyala," anatero Hector, mnzake wina wa Yosiya. "Si za akazi izi."

Dolly anadikira kuti Yosiya anenepo kanthu. Yosiya anangoyang'anabe kumadzi. Dolly anapereka nsungwiyo n'kukhala pansi, atafumbata nsapato zake.

Madzi anawamenyetsa pamwala woyamba. Mgolo umodzi unamasuka n'kupita, ndipo anazungulira kawiri asanakodwe m'mabango a tsidya linalo.

Anyamata awiriwo anadumphira kumtunda akuseka, akumenyana pamapewa. Kenako Yosiya anakumbuka, anatembenuka n'kutambasula dzanja.

"Bwera, mlongo wanga."

Dolly anatsikira m'madzi olekeza m'chiuno n'kudutsa pambali pa dzanjalo.

"Basi ya ku Umtali imaima uko," anatero. "Muyende bwino, achimwene."