Bongololo ndi Udzu wa Nyani

Padangokhala, nyama zikadali ndi sukulu yawo, mphepo inasasula denga la sukuluyo mvula ili pafupi. Bongololo, amene ana ake ankaphunzira pamenepo, anauza nyama zinzake kuti, "Ine ndiyenda ndawala. Chulu chilichonse chimene ndikwere, mupereke mtolo wa udzu wofolerera denga."

Nyani anadziguguda pachifuwa. "Ine ndipereka iwiri-iwiri, achimwene!" Koma mumtima ankati kanthu aka sikafika patali.

Bongololo anayenda dzuwa likuswa mtengo, nakwera zulu zambirimbiri mpaka miyendo ina inathothoka. Atabwerako anakwawira kwa Nyani.

"Udzu uja, achimwene?"

Nyani anamugubuduza ndi chala. "Anakuona ndani iwe? Mwina unangogona pamthunzi."

Mvula inagwa, zipupa zinagumuka, ana anabalalika. Mpaka lero Bongololo ukamukhudza amangodzipinda.