Kawailesi Kotseka Makutu

Mayi Nangozo anali atatsitsa kale mawailesi angapo pa shelefu ya okala yawo, koma Dyton ankangowatembenuza n'kuwabweza.

Mayiwo ankamudziwa mnyamatayu. Anali mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano. Mwezi wathawu anafika pa okala yomweyi ndi mkazi wake Loyce, mimba ili patsogolo, kudzagula tochi popita ku chidikiro cha pachipatala cha pa boma. Tsikulo awiriwa ankangoseka, kulimbirana mtundu wa tochi ngati ana. Lero anabwera yekha, maso ali psuu, jekete litachita makwinya ngati la munthu wogona pakhonde.

"Nanga Loyce, wachira?" anafunsa Mayi Nangozo.

"Anamuchita opaleshoni. Ali m'wodi."

"Mwana wanji?"

"Wamwamuna."

Mayiwo analulutira mpaka ogulitsa nthochi anacheuka. Dyton anangoyang'ana pansi. Iwo sanadabwe nazo. Amuna ambiri amatero pa mwana wachisamba.

Chimene ankafuna chinali kawailesi koimba nyimbo za pa memori khadi. Anafotokoza mwachidule, mawu ali pansipansi. Loyce sakugona, usana ndi usiku womwe. Phala akukana. Anamwino ati akapanda kupuma, bala lichedwa kupola. Chimene chikumusowetsa tulo ndi kulira kwa m'wodimo.

"Zimenezo n'zazing'ono," anatero Mayi Nangozo. Anatenga wailesi yaikulu ngati njerwa, ya masipika awiri, batire lake lochezera. "Iyi mukaiika kumutu kwa bedi, mayi amva, mwana amva, wodi yonse ikuthokozani."

"Ayi mayi. Ndikufuna ka m'makutu."

Anamuonetsa ina yochokera ku Joni, ya galasi loonetsa dzina la nyimbo. Dyton sanaliyang'ane n'komwe galasilo. Maso ake anali pa tina ting'onoting'ono tonga bokosi la machesi, tokhala ndi mahedifoni, timene tinapachikidwa pa msomali.

Pafupi ndi okalayo, mayi wina wa nthochi anali ndi khanda kumsana, likulira mosatonthozeka. Dyton anatenga kawailesi kamodzi, navala mahedifoni, nakweza mawu mpaka kumapeto, n'kukaima pambali pa mayiyo. Posakhalitsa anabwerera akupukusa mutu.

"Ndikumumvabe."

Anayesa kena, ka mahedifoni a labala olowa m'kati mwenimweni mwa khutu. Ulendo uno anaima nthawi yaitali. Khandalo linayasamula kukamwa, mitsempha ya pakhosi ili njoo, iye akungoliyang'ana ngati munthu woonera kanema wopanda mawu. Mpaka mayi wa nthochiyo anachita mantha, nasuntha dengu lake.

"Aka," anatero atabwerera. "Koma nyimbo ikatha, kamakhala chete nthawi yaitali bwanji ina isanayambe?"

"Kaphindi chabe."

"Kulibe kosadukiza n'komwe?"

Apa Mayi Nangozo anayamba kunyansidwa. Iwo analera ana awo akugona chokhala, khutu limodzi lili tcheru. Wachiwiri anabadwa iwo atangochoka kumunda, ndipo palibe anawaimbira nyimbo. Ana a masiku ano akufuna mwana, koma kulira kwake ayi.

Dyton sanaone kusintha kwa nkhope yawo. Anapempha kuti amuikire nyimbo za kwaya pa khadi, zija Loyce ankaimba ali mtsikana ku Nzama. Zikhale zambiri. Ndipo achite changu, chifukwa nthawi yoona odwala ikatha alonda atseka geti, Loyce akhalanso usiku wina maso ali gwa.

Mayiwo anatenga kawailesi kaja m'manja mwake n'kukabwezera pa msomali.

"Bambo, malonda ndimawafuna, koma aka sindikugulitsani."

"Mayi, chonde."

"Chonde chiyani? Mukufuna mutseke makutu a munthu woyamwitsa? Khanda la masiku ochepa silidziwa kugogoda. Likamva njala limalira. Likatsamwa limalira. Likatentha thupi limalira. Ndiye mayi ake akhale ali m'kwaya ya ku Nzama?"

Mayiwo sanalekere pomwepo.

"Opaleshoni imawawa, ndikudziwa, mng'ono wanga anadutsamo. Koma akamuuze apongozi anu kuti tulo ta utsikana tinatha. Mukadakhala ndi nzeru mukadagula matewera."

Anthu awiri atatu amene ankadikira minibasi ya ku Balaka anali atasendera pafupi. Wina anavomereza kuti mayiwa akunena zoona. Wina anaseka. Dyton anaima pakati pawo, manja ali lende. Anayang'ana njira ya kuchipatala, kenaka dzuwa, kenaka msomali uja.

Mayi Nangozo anakankhira wailesi ya masipika patsogolo pake.

"Tengani iyi, kapena kayeseni kwina. Ine sindingathandize mayi kuthawa kulira kwa mwana wake. Mwanayo akalira, amumve ndani?"

Dyton anasendera pafupi kuti enawo asamve.

"Mayi, akulirawo ndi ana a anzake a pamabedi ena. Wathu sanalire n'kamodzi komwe. Azimayi anakamuika m'manda dzana mwakachetechete, n'kutiuza kuti wotereyu saliridwa. Loyce wangogona pakati pawo, mkaka ukudontha."